Lipoti la kukonza seketi yosinthanitsa mapampu awiri a madzi ku Chilenje

Lipoti ili likufotokoza ntchito imene tinagwira pa bolodi loyendetsa mapampu awiri a madzi pa mdadada wa nyumba za lendi ku Chilenje, mumzinda wa Lusaka. Mapampuwo amatunga madzi m'thanki ya pansi, imene imadzazidwa ndi borehole, n'kuwakankhira m'thanki ya pamwamba pa nsanja yachitsulo. Eni nyumbazo ankafuna kuti mapampu azisinthana: madzi a m'thanki ya pamwamba akatsika iyake pampu yoyamba, akadzatsikanso iyake yachiwiri, kenako yoyamba ija. Chifukwa chake n'chomveka. Madzi a pansi pa Lusaka amadutsa m'miyala ya dolomite ndipo ali ndi laimu wambiri, choncho pampu imene yakhala nthawi yaitali osazungulira imagwira, pamene inzake imene ikugwira ntchito yokha imatha msanga.

Dandaulo ndi zimene tinapeza

Wosamalira nyumbazo ndiye analiona vutoli, ndipo analifotokoza bwino kwambiri. Anati, "Ba injiniya, pampu ya kumanja imatha kugwira yokha mlungu wonse, kenako tsiku lina imasiya n'kuyamba ya kumanzere, nayonso n'kukakamira chimodzimodzi." Amisiri amene anabwera ife tisanaitanidwe anali atasintha relay ndi contactor (maswichi oyendera magetsi amene amayatsa mapampu), swichi yoyandama ya m'thanki, ngakhalenso ma chip onse a pa bolodi, koma khalidwe la mapampu silinasinthe. Izi zinatipatsa poyambira, chifukwa ziwiya zonse zikakhala zatsopano koma vuto n'kukhalabe momwemo, chokayikitsa chimene chatsala ndi kapangidwe ka seketiyo.

Bolodilo limayendera 12 V ndipo lili ndi mageti a NAND a mtundu wa CMOS, ma CD4011. Geti ndi kaseketi kotulutsa 1 kapena 0 malinga ndi zimene zalowa. Mulibe clock, chizindikiro chogunda mobwerezabwereza chouza seketi nthawi yosinthira, mulibenso flip-flop yogula kale, kaseketi kosunga 1 kapena 0. Amene analipanga analumikiza yekha mageti kuti apange toggle flip-flop, imene imasintha mbali nthawi iliyonse swichi ya m'thanki ikapempha madzi. Waya wochokera ku swichiyo ndi wautali, wotsika kuchokera pa nsanja, ndipo pofuna kuchotsa phokoso la magetsi analowetsapo resistor ya 100 kΩ ndi capacitor ya 1 µF, n'kulumikiza molunjika ku mageti. Chithunzi cha seketi panalibe, choncho tinachijambula potsatira njira za mkuwa pa bolodi limodzi ndi mita.

Seketi yotereyi ndi ya asynchronous, ndipo kusiyana kwake ndi ya clock n'kumene kuli gwero la nkhani yonseyi. M'seketi ya clock, zizindikiro zimapatsidwa nthawi yoti zikhazikike, ndipo palibe chimene chimasungidwa mpaka clock itagunda. M'seketi yopanda clock, chotuluka cha geti chimabwerera ku cholowa nthawi yomweyo, ndipo chilichonse chimene chaoneka pa waya wobwererawo, ngakhale kwa kanthawi kosakwana microsecond imodzi, seketi ikhoza kuchitenga ngati choona n'kuchisunga. Flip-flop iliyonse, kuyambira ija ya mavavu imene William Eccles ndi Frank Jordan analembetsa mu 1918 mpaka ya mu chip ya lero, m'kati mwake ndi seketi ya mtundu umenewu.

Tebulo la mayendedwe

Tinayamba kapangidwe katsopano ndi njira imene David Huffman anafalitsa mu 1954, yolemba flow table, tebulo losonyeza mkhalidwe umene seketi imapitako cholowa chikasintha, tisanakhudze geti lililonse. Cholowa ndi chimodzi, x, chimene chimakhala 1 thanki ikafuna madzi ndi 0 ikadzaza. Munthu angaganize kuti mikhalidwe iwiri yakwana, popeza mapampu ndi awiri, koma imafunika inayi, chifukwa seketi iyenera kukumbukira pampu imene inagwira komaliza ngakhale pamene onse azima. Mu mkhalidwe A, x ndi 0 ndipo yoyembekezera kuyaka ndi pampu yoyamba. x akakwera, seketi imapita ku B, kumene pampu yoyamba ikugwira ntchito. x akatsika imapita ku C, kumene mapampu onse azima koma yoyembekezera ndi yachiwiri. Akakweranso imapita ku D, kumene ikugwira ndi yachiwiri, ndipo akatsika imabwerera ku A. Palibe mizere iwiri ya tebuloli imene ingaphatikizidwe, choncho pamafunika mawaya awiri osungira mkhalidwe, y1 ndi y2.

Titayerekeza tebuloli ndi bolodi lakale, vuto loyamba linaonekera poyera. Mikhalidwe inayi ija inapatsidwa manambala motsatira kuwerenga kwa binary: A ndi 00, B ndi 01, C ndi 10, D ndi 11. Pa pepala zimaoneka zadongosolo, koma kuchoka ku B kupita ku C, kuchokera pa 01 kufika pa 10, kumafuna kuti y1 ndi y2 asinthe limodzi, ndipo mageti awiri sasintha pa nthawi imodzimodzi ndendende. y2 akayamba kutsika y1 asanakwere, seketi imadutsa pa 00, amene ndi A, ndipo popeza A ndi wokhazikika pamene x ali 0, imatha kukhala pomwepo. y1 akayamba kukwera, imadutsa pa 11, amene ndi D, ndipo tebulo limanena kuti D ndi x wa 0 apite ku A. Njira zonse ziwiri zikhoza kuthera ku A, kumene pampu yoyamba imayakanso. Chimodzimodzinso kuchoka ku D kupita ku A, pa 11 kufika pa 00, seketi ikhoza kugwera ku C, kumene yoyakanso ndi pampu yachiwiri. Limeneli ndilo vuto la critical race, mpikisano wa mawaya awiri umene ungafikitse seketi pa mkhalidwe wolakwika, ndipo likugwirizana ndendende ndi zimene wosamalira nyumba anaona: pampu imodzi kukakamira masiku angapo, kenako tsiku limene mageti asinthira pafupipafupi mokwanira, seketi n'kuwoloka kupita ku pampu ina n'kukakamiranso kumeneko.

Mankhwala ake ndi kugawa manambala mwa Gray code, kuti kuyenda kulikonse kusinthe waya mmodzi yekha: A ndi 00, B ndi 01, C ndi 11, D ndi 10. Kagawidwe kameneka kanabweretsa zabwino zina ziwiri zimene tinazikonda kwambiri. Choyamba, pampu yoyamba imayaka pa 01 ndipo yachiwiri pa 10, ndipo pakati pa ziwirizi seketi imadutsa pa 00 kapena pa 11, pamene mapampu onse ali ozima. Chachiwiri, manambala onse anayi ali ndi ntchito, choncho palibe mkhalidwe wosayembekezeka umene seketi ingadzukiremo magetsi akayatsidwa, ndipo sipafunika reset.

Pogwiritsa ntchito mapu a Karnaugh, njira yofupikitsira ma equation a logic, ndiponso polemba x′ kutanthauza x wotembenuzidwa, ndi Y1 ndi Y2 kutanthauza zimene y1 ndi y2 ayenera kukhala kenako, timapeza kuti Y1 = x′y2 + xy1, ndipo Y2 = xy1′ + x′y2. Wodziwa ma flip-flop azindikira msanga kuti awa ndi ma latch awiri, timaseketi totsatira cholowa tikatseguka n'kuchisunga tikatsekeka, mmodzi wotseguka x akakhala 0, wina wotseguka x akakhala 1, kutanthauza kuti tebulo latifikitsa lokha pa kapangidwe ka master-slave popanda ife kukonzeratu zimenezo.

Ma equation amenewa, ngakhale ali ochepetsedwa bwino, sangamangidwe momwe alili. Tiyeni tione seketi ili pa C, pa 11, x n'kukwera. Y1 ayenera kukhalabe 1, koma womugwira akusintha: gawo la x′y2 likusiya, gawo la xy1 likutenga malo. Loyamba likasiya lachiwiri lisanagwire, Y1 amatsika kwa kanthawi, ndipo popeza xy1 amadalira y1 yemweyo, kutsikako kumatha kukhazikika. Imeneyi ndi static hazard, ndipo imachotsedwa powonjezera gawo limene masamu amaliona ngati losafunika koma limene limagwira chotuluka pa nthawi ya kusinthanako. Ma equation omaliza ndi Y1 = x′y2 + xy1 + y1y2, ndi Y2 = xy1′ + x′y2 + y1′y2. Pulogalamu ya pa kompyuta yochepetsa logic imachotsa magawo achitatuwa ikapanda kuletsedwa, choncho aliyense wodzakonza bolodili asadzawachotse poganiza kuti akupulumutsa mageti.

Vuto limene mageti owonjezera salichotsa

Pofika apa seketi ilibe race ndipo ilibe static hazard, koma siyinathe, ndipo gawo lotsatirali ndi limene ndikufuna kuti wowerenga aliganizire mofatsa. Mu 1959 Stephen Unger anasonyeza kuti pali vuto lina, essential hazard, limene limakhala m'tebulo lenilenilo osati m'kasankhidwe ka mageti. Kaonedwe kake n'kosavuta. Kuchokera pa mkhalidwe wokhazikika, timasintha cholowa kamodzi n'kuona kumene seketi yathera, kenako timayambiranso pomwe paja n'kusintha cholowacho katatu. Malo othera akasiyana, vutolo lilipo. Pa tebulo lathu, kuchokera pa A, kusintha x kamodzi kumatifikitsa pa B, pamene katatu kumatifikitsa pa D. Toggle flip-flop iliyonse ili ndi vuto limeneli pa mkhalidwe uliwonse, chifukwa ntchito yake yeniyeni ndi kuwerenga kusintha kwa cholowa.

Mmene limachitikira ndi motere. Seketi ili pa 00, x akwera. Geti la xy1′ limaona x watsopano n'kukweza y2, ndipo mpaka apa zonse zili bwino. Koma geti la x′y2 limalandira x kudzera mu inverter, geti lotembenuza 1 kukhala 0 ndi 0 kukhala 1. Ngati uthenga woti y2 wakwera wafika pa getili uthenga woti x wasintha usanafike, geti limaona x′ akadali 1 ndi y2 ali 1, ndipo limakweza y1. Seketi yafika pa 11. Kenako x′ amatsika mochedwa, ndipo tebulo limanena kuti 11 ndi x wa 1 apite ku 10. Yayaka pampu yachiwiri m'malo mwa yoyamba. Zili ngati amithenga awiri otumidwa ku nyumba imodzi, wina kukanena kuti mwana wabadwa, wina kukanena dzina la mwanayo, wa dzina n'kuyamba kufika. Palibe geti limene lalakwitsa masamu ake, changolakwika ndi kutsogozana kwa mauthenga.

Pa benchi, ndi swichi yoyera bwino, vutoli silioneka kawirikawiri, chifukwa x′ amachedwa ndi geti limodzi pamene y2 amadutsa mageti awiri. Koma pa malo enieni x sabwera mwachangu. Resistor ya 100 kΩ ndi capacitor ya 1 µF zimapereka time constant, muyeso wa kuchedwa kwa capacitor podzaza, ya sekondi 0.1, ndipo voteji ikamadutsa chapakati pa 12 V imakwera ndi pafupifupi 60 V pa sekondi. Mageti a CMOS samasinthira pa voteji imodzimodzi. Ngati inverter imasinthira pa voteji yokwererapo ndi 0.3 V yokha poyerekeza ndi geti la NAND, ndiye kuti kwa ma millisecond 5 mageti ena amaona x ali 1 pamene ena akuona x′ alinso 1. Geti la CD4011 pa 10 V limachedwa ndi ma nanosecond pafupifupi 60, choncho mpata umenewu ndi wautali kuposa kuchedwa kwa geti ka 80,000. Seketi imakhala ndi nthawi yonse yoyendera njira yolakwika mpaka kumapeto.

Tinazionetsa dala zimenezi kwa ophunzira ntchito awiri a pa shopu yathu. Tinamanga ma equation omaliza pa breadboard, bolodi loyeserapo, n'kulumikiza resistor ndi capacitor zakale zija molunjika ku mageti. Nyali ya pampu yachiwiri ndiyo inkayaka nthawi iliyonse, ya yoyamba osaphethira n'komwe. Pa oscilloscope, chipangizo choonetsa mmene voteji ikusinthira, y2 ankakwera, y1 n'kumutsatira nthawi yomweyo, onse awiri n'kukhala pamwamba kwa ma millisecond angapo, kenako y2 n'kugwa. Mkhalidwe B unalipo, koma kwa kanthawi kochepa kwambiri moti relay singaumve, ndipo mmisiri wokhala ndi mita yokha sakanauona. Mmodzi wa ophunzirawo anafunsa ngati geti lina lowonjezera lingathandize, monga linathandizira pa static hazard. Silingathandize, chifukwa kwa geti la x′y2, chimene likuona pa nthawiyo n'chofanana ndendende ndi chimene limaona seketi ikamachoka mwalamulo pa B kupita ku C. Chokhacho chimene chingasiyanitse ziwirizi ndi nthawi.

Choncho tinachita zinthu ziwiri. Tinaika Schmitt trigger, CD40106, pakati pa capacitor ndi mageti, kuti voteji yokwera pang'onopang'ono isanduke kusintha kumodzi kwachangu, ndipo x ndi x′ onse amachokera pambuyo pa chip imeneyi. Kenako tinachedwetsa dala mawaya obwerera. y1 ndi y2 aliyense amadutsa pa resistor ya 10 kΩ ndi capacitor ya 100 pF, zimene zimapereka pafupifupi microsecond imodzi, kenako pa ma inverter awiri a Schmitt, asanabwerere ku mageti. Motero kusintha kwa x kumafika pa geti lililonse kale kwambiri kusintha kwa mkhalidwe kusanafike. Ena angaone ngati Schmitt trigger yokha ikanakwana, ndipo pa benchi inakwanadi, koma kusiyana kwa geti limodzi ndi mageti awiri ndi mpata wochepa kwa bolodi limene lidzakhala m'bokosi lachitsulo pa dzuwa la mu Okutobala, ndiponso limene ma chip ake adzasinthidwa tsiku lina ndi a kampani ina. Ndinaona kuti n'kwanzeru kuti mpatawo uchokere pa ziwiya zimene tasankha tokha ndipo tingaziyeze.

Ziwiya zake n'zochepa. Ma inverter asanu ndi limodzi a CD40106 anathera pa x, y1 ndi y2, awiriawiri. Magawo a ma equation ndi asanu, popeza x′y2 amagwira ntchito ku mbali zonse ziwiri, ndipo anayi ali pa CD4011, lachisanu pa geti lotsala la CD4023, imene mageti ake ena awiri amatulutsa Y1 ndi Y2. CD4081 imazindikira 01 ndi 10 n'kuyendetsa ma transistor a ma relay, ndipo koyilo iliyonse ili ndi diode yake. Tinasiya interlock ya pa ma contactor, imene imaletsa awiriwo kuyaka pamodzi, momwe inalili, chifukwa chitetezo cha mota sichiyenera kudalira bolodi la logic lokha.

Kuzima kwa magetsi

Seketi yosunga mkhalidwe imaiwala magetsi akazima, ndipo ku Lusaka nkhani imeneyi si yaing'ono. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi a ku damu lopangira magetsi la Kariba, m'miyezi ina magetsi ankazima maola opitirira 20 pa tsiku. Pa nyumba ngati izi, magetsi akamabwera thanki imakhala itatsika kale, x ali 1, ndipo seketi ya mageti imakonda kudzukira mbali imodzimodzi nthawi zonse chifukwa cha kusiyana pang'ono kwa ziwiya zake. Zotsatira zake n'zakuti pampu imodzi ikhoza kumagwira ntchito yonse ngakhale logic ili yolondola. Tinaika batire laling'ono la 12 V, la mtundu umene umaikidwa m'ma alamu, kuti lizisunga ma chip ndi swichi ya m'thanki, pamene ma relay amadyera ku magetsi a m'nyumba okha. N'kofunika kuti swichi idyere ku batire lomwelo, apo ayi kuzima kwa magetsi kungaoneke ngati x watsika, ndipo seketi ingawerenge kusintha kumene sikunachitike. CMOS ikakhala chete imadya mphamvu yochepa kwambiri, ndipo chimene chimadya kwambiri pano ndi resistor ya 100 kΩ ija, pafupifupi 120 µA.

Kuyesa ndi maganizo athu

Pa benchi tinayesa bolodi latsopano ndi swichi, ndi voteji yokwera pang'onopang'ono, ndi mphamvu yotsitsidwa kufika pa 9 V ndi yokwezedwa kufika pa 14 V, komanso titalitenthetsa ndi mpweya wotentha. Nthawi zonse linayenda 00, 01, 11, 10 mosadumpha. Pa malo ake tinayesa pokweza ndi kutsitsa swichi yoyandama ndi dzanja, ndiponso pozimitsa magetsi pampu ikugwira, ndipo magetsi atabwerera inapitiriza pampu yomwe ija. Pa swichiyo tinapeza laimu woyera atamatirira mpaka kuilemeretsa, ndipo tinaupala. Wosamalira nyumba wakhala akulemba m'kabuku pampu imene yayaka, ndipo zolemba zake zikusonyeza kusinthana kokhazikika. Chithunzi cha seketi, tebulo ndi ma equation tinazimata m'kati mwa chitseko cha bokosi.

Funso limene mmisiri aliyense angafunse ndi loti bwanji osangoika CD4013, flip-flop yogula kale, n'kulumikiza chotuluka chake chotembenuzidwa, Q′, ku cholowa chake, D. Yankho langa n'lakuti pa bolodi latsopano ndingachite zomwezo, ndipo ndinawauza eni nyumba chimodzimodzi. Pano tinagwiritsa ntchito mageti chifukwa ma chip amene anagulidwa kale anali abwinobwino, ndiponso chifukwa ophunzira athu anafunika kuona ndi maso zimene zimabisika m'kati mwa flip-flop. Koma CD4013 siyichotsa essential hazard. Opanga chip anangoika mpata wa nthawi m'kati mwake, ndipo n'chifukwa chake datasheet yake imaika malire a nthawi imene clock ingatenge pokwera. Capacitor ya 1 µF ija ikanalumikizidwa molunjika ku clock ya CD4013, malirewo akanaphwanyidwa kutalitali, ndipo dandaulo la pampu yokakamira likanatha kubweranso. Schmitt trigger ndi batire zikanafunikabe.

Chimene bolodili silichita n'chakuti silidziwa pampu ikafa. Overload ya pampu imodzi, chiwiya chodula magetsi mota ikalemedwa, ikadula, thanki siyidzaza, x amakhalabe 1, ndipo seketi imadikira pa mkhalidwe womwewo mpaka munthu atabwera. Eni nyumba apempha kuti pampu inayo izitenga malo yokha. Zimenezo zidzawonjezera zolowa zina pa tebulo, ndipo njira ya Huffman imene tagwiritsa ntchito imadalira kuti cholowa chimodzi chokha chisinthe pa nthawi, seketi n'kukhazikika china chisanasinthe. Swichi ya m'thanki ndi overload sizidikirana, choncho pa gawo limenelo talangiza kuti zolowa zonse zidutse pa ma flip-flop awiri otsatana oyendera clock, ndipo logic yonse ikhale ya clock kapena isamutsidwire pa PLC, kompyuta yoyendetsa makina, yaing'ono. Mtengo wa njira ziwirizi tawapatsa kale eni nyumba kuti asankhe.